Tifunseni kaye pomwe pakupweteka

Pa 20 Juni 2025 aphungu a Nyumba ya Malamulo ya ku Westminster anavomereza bilu yolola madokotala kuthandiza munthu wodwala kuti adziphe. Ovomera anali 314, okana 291. Kusiyana kwake ndi mavoti 23 okha, pamene mu Novembala 2024, biluyi itavoteredwa koyamba, kusiyana kunali 55. Kenako nkhaniyi inapita m'manja mwa a House of Lords. M'magulu athu a pa WhatsApp, momwe uthenga wa maliro umafika m'mphindi ziwiri ndipo mkangano wa Bullets ndi Wanderers umatha sabata yathunthu, za bilu iyi kuli zii. Ena akuti n'za azungu. Ena akuti ife tinabwera kudzagwira ntchito, malamulo tiwasiyire eni dziko. Ndikukana zonse ziwiri. Ndinene mosapsatira kuti biluyi ndi yoipa, ndipo kuipa kwake kudzayambira pa anthu ngati ife.

Tiyambe ndi zomwe ikunena, chifukwa ambiri tikungoimva ngati mphekesera. Anaibweretsa ndi mayi Kim Leadbeater, phungu wa chipani cha Labour. Ikuti munthu wa zaka 18 kapena kuposera apo, amene wakhala ku England kapena ku Wales kwa miyezi 12 ndipo ali m'kaundula wa GP, ngati madokotala aona kuti matenda ake amupha pasanathe miyezi 6, akhoza kupempha mankhwala oti amwe yekha n'kumwalira. Pempholo liyenera kuvomerezedwa ndi madokotala awiri, kenako ndi gulu la anthu atatu: katswiri wa malamulo, dokotala wa matenda a maganizo, ndi wa ofesi yoona za chisamaliro cha anthu. Pakadali pano, malinga ndi lamulo la 1961, wothandiza mnzake kudzipha akhoza kukhala kundende mpaka zaka 14. Onetsetsani kuti biluyi sikufunsa mtundu wa pasipoti. Namwino wochokera ku Mzimba amene ali ku Manchester, mlongo wathu wa ku Chipata wosamalira okalamba ku Leeds, mwana wathu wobadwira ku Luton, onsewa ikuwakhudza. Amene akuti n'za azungu aiwerengenso.

Sindikufuna kuwanamizira anthu amene akuichirikiza. Ambiri mwa iwo anaona mayi kapena mwamuna wawo akufa mozunzika, ndipo sakufuna kuti wina adzaone zomwezo. Dame Esther Rantzen, amene anayambitsa Childline, ali ndi khansa ya m'mapapo yofalikira, ndipo mu Disembala 2023 ananena poyera kuti analembetsa ku Dignitas, ku Switzerland. Funso lawo ndi lomveka: n'chifukwa chiyani munthu akafere kudziko lachilendo, abale ake akuopa kumuperekeza poopa apolisi? Ifenso ululu timaudziwa. Aliyense amene anadwazikapo matenda a khansa ya khomo la chiberekero kapena ya kummero kumudzi, mankhwala ali panado yekha, sangaseke munthu wopempha kuti zithe. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, anatero akuluakulu, ndipo sindikutsutsa. Koma lamulo silitsekulira munthu mmodzi. Likatsekula, latsekulira aliyense amene mawu ake akumukwana, kuphatikizapo amene wakankhidwira pakhomopo ndi umphawi, kusungulumwa kapena kusamvedwa. Lamulo lililonse tiziliyesa pofunsa kuti lidzamuchita chiyani munthu wofooka kwambiri amene lingamukhudze.

Mawu amene akutsatsira biluyi ndi akuti "kusankha". Munthu amasankha pakakhala zinthu ziwiri zoti zonse n'zotheka. Dziko lino ndilo linayambitsa chisamaliro chamakono cha odwala amene sachira. Dame Cicely Saunders anatsegula St Christopher's Hospice ku London mu 1967, ndipo anaphunzitsa madokotala kuti ululu wa munthu woyandikira imfa uli m'thupi, m'maganizo, m'banja ndi mumzimu, ndipo wonsewo ukhoza kuchepetsedwa. Lero ma hospice a akuluakulu amalandira kuchokera kuboma pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a ndalama zomwe amafuna. Zotsalazo zimachokera m'mashopu a kaunjika omwe timagulamo majekete, ndi kwa anthu othamanga mipikisano kuti asonkhe ndalama. Kumapeto kwa 2024 bungwe la Hospice UK linati mabedi pafupifupi 300 ku England sankagwiritsidwa ntchito chifukwa chosowa ndalama ndi antchito. Nduna ya zaumoyo ya nthawiyo, a Wes Streeting, amene akuidziwa NHS kuposa ine ndi inu, anavota kukana biluyi, ndipo chimodzi mwa zifukwa zawo chinali chakuti chisamaliro chilipochi sichikukwanira kuti munthu asankhe mwaufulu. Tangoganizani: biluyi ikulamula boma kuonetsetsa kuti njira ya imfa ikupezeka, pamene bedi la ku hospice likudalira kuti majekete agulidwa angati sabata ino. Munthu akumva ululu usiku, namwino wa m'dera osabwera, mzere wa ku hospice uli wautali, ndiye mumufunse ngati akufuna mankhwala omaliza. Yankho limene apereke lalembedwa kale ndi bajeti.

Tsopano tibwere kwa ife a khungu lakuda. Malipoti a MBRRACE akhala akusonyeza chaka ndi chaka kuti amayi achikuda kuno amamwalira pa uchembere kuwirikiza koposa kawiri poyerekeza ndi amayi achizungu. Munthu wakuda amagonekedwa m'chipatala mokakamizidwa, pansi pa Mental Health Act, kuwirikiza koposa katatu. Mu Novembala 2021 gulu la aphungu linatulutsa lipoti la momwe odwala sickle cell amasamalidwira, ndipo mutu wake unali woti palibe amene akumvetsera. Linabwera pambuyo pa imfa ya mnyamata wa zaka 21 m'chipatala china ku London, amene anachita kuimba 999 ali pabedi m'chipatala momwemo chifukwa anamukaniza mpweya wothandizira kupuma. Mu Malichi 2021 bungwe la CQC linapeza kuti nthawi ya Covid anthu oposa 500 analembedwa kuti mtima wawo ukaima asawadzutse, popanda kukambirana ndi iwo kapena abale awo. Ena mwa inu munali pa shifiti m'nyumba za okalamba masiku amenewo, mukudziwa momwe zinthu zinkayendera. N'zosadabwitsa kuti aphungu achikuda ngati mayi Diane Abbott ndi mayi Florence Eshalomi anaikana biluyi. Mayi Eshalomi anakumbutsa nyumbayo za amayi awo omwe ankadwala sickle cell. Chipatala chimene chimachedwa kutikhulupirira tikati pakupweteka, tikufuna kuchipatsa mphamvu yotikhulupirira msanga tikati tatopa nawo moyo.

Onjezerani pamenepo kaleredwe kathu. Tinakula tikudziwa kuti dokotala satsutsidwa. Akanena, timati "chabwino adokotala", mafunso timakafunsana panja. Biluyi ikulola dokotala kuyambitsa yekha nkhani ya imfa yothandizidwa kwa wodwala wamkulu, ngakhale wodwalayo asanaitchule. Kwa pulofesa wa ku Oxford amene anazolowera kukangana ndi madokotala, amenewo ndi mawu ongomudziwitsa. Kwa agogo athu amene akumva kudzera mwa womasulira wa pafoni kapena mdzukulu, mawu omwewo amamveka ngati chigamulo: adokotala aona kuti basi.

Nanga za miyezi 6? Madokotala eni ake amavomereza kuti masiku ochepa otsala amatha kuwaona, koma kulosera miyezi n'kuyerekeza chabe. Ife a zaka za m'ma 40 tili ndi umboni umene aphungu a ku Westminster alibe. Tinakula m'zaka za m'ma 1990, pamene kupezeka ndi kachilombo kunali ngati kugamulidwa kuti ufe, malo okhomera mabokosi ali mbwee m'mbali mwa misewu ya ku Lilongwe ndi Blantyre, Loweruka lililonse kumanda. Anthu ankatulutsidwa m'zipatala kuti akafere kwawo. Mu 2004 boma la Malawi linayamba kugawa ma ARV aulere, ndipo anthu amene tinkachita kuwatembenuza pamphasa anadzuka, nabwerera kumunda ndi kuntchito. Ena ndi amene lero akutilerera ana kumudzi, ena tili nawo kuno. Mu 2003 dokotala woona mtima akanasaina kuti anthuwo satha miyezi 6, ndipo sakananama, malinga ndi mankhwala omwe analipo. Ambiri mwa iwo, chifukwa cha manyazi ndi kusalidwa, akanapempha okha. Mawu akuti "sachira" amanena za matenda, komanso amanena za chaka chimene ukudwala, dziko limene ukudwalira, ndi ndalama zimene boma lasankha kugwiritsa ntchito pa iwe.

Ochirikiza biluyi amati ili ndi mipanda yolimba kuposa lamulo lina lililonse padziko. Ntchito yanga ndi ya makompyuta, ndipo yandiphunzitsa kumuopa munthu wonena kuti dongosolo lake silingalakwe. Tikamamanga pulogalamu timadziwiratu kuti idzalakwa ndithu. Chimene timafunsa n'chakuti ikalakwa tidzadziwa bwanji, ndipo tidzabweza bwanji. N'chifukwa chake timasunga makope a chilichonse tisanasinthe kanthu. Dziko lino laona kale zomwe zimachitika funso limeneli likanyalanyazidwa. Pakati pa 1999 ndi 2015 oyendetsa mapositi ofesi oposa 900 anaimbidwa milandu chifukwa kompyuta ya Horizon inkasonyeza ndalama zosowa zomwe sizinasowe, ndipo mabwana, maloya ndi makhoti anakhulupirira makina. Komabe ambiri a iwo anakhala ndi moyo mpaka tsiku limene mayina awo anayeretsedwa. M'zipatala munalinso Liverpool Care Pathway, ndondomeko yolembedwa ndi cholinga chabwino yosamalira anthu otsala pang'ono kumwalira, imene m'manja mwa antchito otopa inasanduka fomu yongochongapo, mpaka kafukufuku wotsogoleredwa ndi Baroness Neuberger mu 2013 anati ithetsedwe. Imfa yothandizidwa ndi dongosolo limene likalakwa, mboni yaikulu imakhala ili m'manda. Palibe kope losungidwa, ndipo palibe amene adzabwere kudzadandaula kuti ndinkavutika maganizo koma simunaone.

Mpanda wina wagwa kale lamulo lisanabadwe n'komwe. Mu Novembala 2024 aphungu anavota atalonjezedwa kuti pempho lililonse lidzadutsa kwa woweruza wa High Court. Patangotha miyezi yochepa, m'komiti, woweruzayo anachotsedwa n'kuikapo gulu la anthu atatu lija. Mu Meyi 2025 bungwe la madokotala a matenda a maganizo, Royal College of Psychiatrists, limene mamembala ake ndiwo akuyembekezeka kukhala m'magulu amenewo, linati silingaichirikize biluyi momwe ilili. Nkhawa yawo ina ndi yakuti munthu wodwala khansa akhoza kukhalanso ndi matenda ovutika maganizo, omwe amachizika, koma n'kupezekabe kuti mwalamulo mutu wake ukugwira, n'kupatsidwa mankhwalawo. Alonda eni ake akunena kuti chipatacho sakuchidalira.

Kuti tione komwe njirayi imapita sitifunika kulota. Chaona mnzako chapita, mawa chiona iwe. Canada inavomereza imfa yothandizidwa mu 2016, kwa akuluakulu okha amene imfa yawo inkaoneka kuti ikubwera. Chaka chimenecho anafa motero anthu 1,018. Mu 2019 khoti la ku Quebec, pa mlandu wa a Jean Truchon ndi mayi Nicole Gladu, linagamula kuti kukaniza anthu ovutika chifukwa choti sali pafupi kufa n'kuwaphwanyira ufulu. Mu Malichi 2021 malire aja anachotsedwa. Mu 2023 anthu 15,343 anafa mwa njirayi, pafupifupi imfa imodzi mwa 20 zilizonse m'dzikolo. Mu Disembala 2022 mayi Christine Gauthier, msilikali wakale amene anaimira Canada pa masewera a anthu aulumali ku Rio, anauza komiti ya aphungu kuti atavutika zaka zambiri kupempha chokwezera njinga yawo ya olumala pakhomo, wa ofesi yoona za asilikali akale anawatchulira imfa yothandizidwa. Mu Malichi 2025 komiti ya United Nations yoona za ufulu wa anthu aulumali inapempha Canada kuti ichotse gawo lolola anthu amene sali pafupi kufa. Anthu a ku Canada si ankhanza kuposa a kuno. Mfundo yake ndiyo imakoka yokha. Ukavomera kuti wovutika ali ndi ufulu wothandizidwa kufa, udzamuyankha chiyani amene watsala ndi miyezi 9, kapena amene adzavutika zaka 30? Kuvutika kwake n'kotalika kuposa kwa wa miyezi 6. Malire aliwonse amene ungaike, amene ali kunja kwake adzawatcha tsankho, ndipo mlandu wake udzamveka.

Apa ndi pomwe matenda a maganizo amalowera. Canada inakonza kuti kuyambira Malichi 2023 munthu amene vuto lake ndi la maganizo lokha aziloledwa. Inasuntha tsikulo kufika 2024, kenako 17 Malichi 2027, mwa zina chifukwa akatswiri sakugwirizana kuti ungadziwe bwanji kuti wodwala maganizo sadzachiranso. Ku Netherlands ndi ku Belgium, komwe malamulo awo ndi a 2002, zikuchitika kale. Ku Netherlands anthu ofa motero chifukwa cha matenda a maganizo anali 2 mu 2010, 138 mu 2023, ndi 219 mu 2024. Mmodzi wa iwo ndi Zoraya ter Beek, amene anafotokoza yekha nkhani yake m'manyuzipepala asanamwalire mu Meyi 2024 ali ndi zaka 29, thupi lili bwinobwino. Akatswiri amene anawerenga mafayilo 66 a anthu otere, mu kafukufuku wofalitsidwa mu 2016, anapeza kuti 7 mwa 10 anali amayi, ndipo mafayilo oposa theka ankatchula kusungulumwa. Sindikuchepsa kuvutika kwawo. Ululu wa m'maganizo ukhoza kuposa wa fupa lothyoka. Koma kuona ngati mawa kulibe ndi chizindikiro cha matendawo, monga kutentha thupi kulili chizindikiro cha malungo. Dokotala amene wavomera kuti inde, mawa kulibedi, wagwirizana ndi matenda n'kumusiya wodwala. Ndipo dziko lidzakhala ndi mizere iwiri: mnyamata uyu akanena kuti akufuna kufa timuthamangira ndi thandizo, uyo akanena mawu omwewo timupatsa fomu. Woima mzere uti adzamusankha ndani?

Kwa ife nkhaniyi ndi yolemera kawiri, chifukwa matenda a maganizo sitinazolowere n'kuwatchula komwe. Timati walodzedwa, timati ndi ziwanda, timati mwamuna salira. Apolisi kwathu akatulutsa chiwerengero cha odzipha, ochuluka amakhala abambo, ndipo kumbuyo kwake kumakhala ngongole, banja ndi ulova. Kuno tili ndi abale ogwira mashifiti a usiku m'nyengo yozizira, dzuwa osaliona, ana ali kutali, mapepala osadziwika mutu wake, foni ikungolira zopempha. Tikuyesetsa kuwauza kuti kuvutika maganizo ndi matenda, amachizika, pitani kwa GP. Uthenga umenewo ukadali wanthete, ndipo sungalimbane ndi lamulo la dziko lonena kuti pali kuvutika kwina kumene yankho lake lovomerezeka ndi imfa.

Za ana zimandilemera kulemba. Mu 2014, patangotha zaka 12 chikhazikitsireni lamulo lake, Belgium inachotsa malire a zaka. Mwana ayenera kukhala pafupi kumwalira, akumva ululu wa m'thupi wosapiririka, katswiri atsimikize kuti akuzindikira zomwe akupempha, ndipo makolo avomere. Pakati pa 2016 ndi 2017 ana atatu anafa motero, a zaka 9, 11 ndi 17. Ku Netherlands amalola kuyambira zaka 12, ali ndi ndondomeko ya ku Groningen ya makanda, ndipo mu 2024 anaonjezera ana a chaka chimodzi mpaka 12. Mu Febuluwale 2023 komiti ya aphungu ku Canada inalimbikitsa kuti ana ooneka okhwima maganizo aziloledwanso. Chiwerengero n'chochepa, n'zoona, ndipo makolo a anawo anadutsa m'moto umene sindingaufunire munthu. Koma aliyense amene analerapo mwana akudziwa kuti mwana amawerenga nkhope ya mayi ake. Akaona kuti amayi sakugona, abambo asiya ntchito, azichemwali ake aiwalika, amadzitenga kuti vuto ndi iyeyo. Mwana wa zaka 9 sitimulola kuvota, kugula mowa, ngakhale kusaina ngongole ya foni, chifukwa tikudziwa kuti "eya" wake amapindika mosavuta. Ndiye "eya" ameneyo alimbe bwanji pa chinthu chokhacho chosabwezeka? Njira ina ilipo ndipo inayambira konkuno: Helen House ku Oxford, hospice yoyamba ya ana padziko, inatsegulidwa mu 1982. Ngakhale ku Blantyre, ndi zochepa zomwe ali nazo, a Umodzi ku chipatala cha Queens amachepetsa ululu wa ana ndi kulimbikitsa makolo awo. Bilu ya kuno ikuti ana sikuwakhudza, ndipo aphungu analetsa madokotala kuyambitsa nkhaniyi kwa osakwana zaka 18. Lamulo la Belgium la 2002 nalonso linali ndi malire a zaka.

Ochirikiza adzati iwo sakutengera Canada kapena Belgium, akutengera Oregon ku America, komwe lamulo la 1997 likadali la akuluakulu otsala ndi miyezi 6. Iyi ndiye mfundo yawo yamphamvu, ndipo n'zoona kuti Oregon sinatsekulire ana kapena odwala maganizo. Komabe nakonso mipanda yasunthidwa: masiku 15 odikira anayamba kuchotsedwa kwa odwala ena, ndipo mu 2023 anachotsa lamulo loti ukhale wa komweko. Chachikulu chili m'malipoti omwe boma la Oregon limatulutsa chaka chilichonse. Ululu suli pamwamba pa zifukwa zimene anthu amapereka. Pamwamba pali kusatha kudzichitira zinthu ndi kusatha kuchita zomwe ankakonda, ndipo m'zaka zapitazi oposa 4 mwa 10 amatchula kuopa kukhala mtolo kwa abale ndi owasamalira. Chitsanzo chimene akutiuza kuti n'chabwino kwambiri ndicho chikusonyeza kuti anthu ambiri akufa poopa kuvutitsa anzawo.

Mawu amenewo ife timawadziwa. Ndani sanamvepo mayi ake akuti "musavutike nane ana anga, ndalamazo mulipirire ana sukulu"? Mwa ife, amene akudwala ndi amene amapepesa. Tsono taganizirani m'bale wathu amene anabwera pa viza ya ntchito yosamalira okalamba. Viza yake ili m'manja mwa abwana, pamapepala ake palembedwa kuti thandizo la boma saloledwa, ngongole yomwe anabwerera sinathe, kumudzi anthu khumi akudya kuchokera m'thumba mwake. Apezeke ndi khansa. Palibe amene adzafunike kumukakamiza. Adzakhala pansi yekha n'kuwerengera lendi ya miyezi 6, fizi ya ana, ndi mtengo wotumizira thupi kumudzi umene tonse timaudziwa chifukwa timasonkha. Biluyi ikulanga wokakamiza mnzake, koma kudziona ngati mtolo sikuwerengedwa ngati kukakamizidwa. Aphungu ena anapempha kuti amene akufuna kufa makamaka chifukwa choopa kukhala mtolo, umphawi kapena kusowa chisamaliro asaloledwe, ndipo nyumbayo inakana. M'bale wathuyo adzakwanira mabokosi onse a pafomu.

Tisadzinamizenso kuti ndalama sizikuwerengedwa. Mu Okutobala 2020 ofesi yowerengera bajeti ya nyumba ya malamulo ya Canada inati imfa yothandizidwa, italoledwa kwa anthu ambiri, idzapulumutsa madola 149 miliyoni a ku Canada pa ndalama za zaumoyo mu 2021. Mu Meyi 2025 boma la kuno nalo linatulutsa chikalata chowerengera ndalama za chipatala, penshoni ndi thandizo zomwe sizidzagwiritsidwa ntchito anthu akamafa msanga. Sindikunena kuti pali nduna yomwe ikufuna kupha anthu kuti isunge ndalama. Ndikunena zomwe aliyense wogwira ntchito m'bungwe lalikulu akudziwa: njira yotchipa ikangolowa pamndandanda, zinthu zimayamba kutsetserekera komweko popanda wolamula.

Pomaliza, manja amene adzakhale pafupi ndi bedilo ndi athu. Ndife timasambitsa, timadyetsa, timakhala ndi okalamba usiku pamene abale awo ali kutali. Biluyi ikuti wantchito ali ndi ufulu wokana kutenga nawo mbali, koma aphungu anakana kupatsa ma hospice ndi nyumba za okalamba ufulu woti zisamachitikire pamalo pawo. Ndipo ufulu wokana wa papepala ndi wopepuka kwa munthu amene abwana ake ndiwo akusunga viza yake. Walira mvula walira matope, koma apa olira mvula ndi ena, oponda matope tidzakhala ife.

Tichitepo kanthu nthawi ikadalipo. Amalawi, anthu a ku Zambia, Mozambique ndi Zimbabwe okhala kuno movomerezeka ali ndi ufulu wovota, ndiye phungu wa dera lanu ndi wanu. Mulembereni, chifukwa pa voti ya Juni 2025 ku Commons, aphungu 12 okha akanasintha maganizo biluyi ikanagwa. Lemberaninso a Lords. Mayina awo ali pa tsamba la intaneti la Nyumba ya Malamulo. Musakopere kalata ya wina. Lembani zomwe mwaona pa shifiti, mopanda kutchula mayina a odwala: usiku umene mankhwala a ululu anachedwa, gogo amene palibe anamuyendera chaka chonse. Pemphani kuti ma hospice alipiridwe mokwanira ndi boma, ndi kuti mzere wa thandizo la maganizo ufupike, nkhani ya mankhwala omaliza isanabwerenso. M'mabanja mwathu, tikambirane ndi makolo zomwe angafune akadwala kwambiri, ndipo tilembetse mwalamulo munthu wowalankhulira, chifukwa kukana bilu iyi sikutanthauza kuti munthu azimangiriridwa ku makina; kukana chithandizo ndi ufulu umene aliyense ali nawo kale. Ndipo ngati inu amene mukuwerenga muli pamalo poti moyo wakulemerani, imbani 116 123 kwa a Samaritans, ndi ulere usana ndi usiku, kenako muuze mmodzi wa ife.